Mkaka unkandikana, koma tchizi ndinamudya mpaka BP inakwera

Ndinakulira ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, pakhomo pomwe panali ng'ombe ziwiri za mkaka. Kusanache bambo ankakama, n'kumangirira chigubu panjinga, ulendo kumalo kumene alimi amasonkhanitsira mkaka kuti uzizire podikira galimoto ya kampani. Fizi yanga ya kusekondale inachokera m'chigubu chimenecho. Koma ine mwini, chiyambire ndili ndi zaka 12 kapena 13, mkaka unayamba kundikana. Ndikamwa tiyi wothira mkaka wambiri, ola lisanathe m'mimba munkayamba kulira ndi kupotokola, mimba n'kutupa ngati ng'oma, kenako ulendo wa kuchimbudzi. Amayi ankati, "Iwe uli ndi njoka za m'mimba," n'kundipezera mankhwala a njoka, koma sizinkasintha. Chambiko chokha ndi chomwe ndinkatha kudyera nsima popanda kuvutika kwambiri, ndipo panalibe ankadziwa chifukwa chake.

Ndiye pamene ndinafika ku England mu 2022 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, tchizi ndinkangomuyang'anira patali. Ndinkati ngati kapu imodzi ya mkaka imandigwetsa, nanga chinthu chopangidwa ndi mkaka wokhawokha chingandisiye wamoyo? Kwathu sitinkamudya n'komwe. Ndinkangomuona m'mafuriji a m'masitolo akuluakulu ku Blantyre, pamtengo woti munthu ungagulire ndiwo za sabata yonse.

Kunyumba yosungira okalamba komwe ndinkagwira ntchito kunali agogo ena aakazi, a zaka zoposa 85, amene anasiya kudya bwino amuna awo atamwalira. Ndine ndinkawadyetsa masana. Ankangolandira masipuni atatu kapena anayi, n'kutseka pakamwa, kutembenukira kuzenera. Tinkawayeza pasikelo mwezi uliwonse, ndipo nthawi iliyonse nambala inkatsika. Mphete inayamba kugwa yokha pachala. Zinkandipweteka chifukwa ankandikumbutsa agogo anga, ndipo kwathu munthu wamkulu akakana chakudya timadziwa kumene zikupita.

Katswiri wa za kadyedwe atabwera, sanatiuze kuti tiziwakakamiza kudya mbale yodzaza. Anati ngati agogowo akudya masipuni anayi okha, masipuni anayiwo alemere. Analembera a kukhitchini kuti mu mbatatesi yophwanya, mu supu ndi m'mazira okazinga aziikamo tchizi wopala, batala ndi mkaka wa ufa. Ine ndinamufunsa chifukwa chake tchizi, ndipo yankho lake sindinaliiwale. Anati tchizi ndi mkaka wofinyidwa: kuti apange kilogalamu imodzi ya tchizi wolimba ngati cheddar pamafunika mkaka wokwana malita 10. Madzi ambiri amachoka, chotsala ndi zomanga thupi (mapuloteni), mafuta ndi kashiamu, uja amalimbitsa mafupa. Nthawi yomweyo ndinaganiza za chigubu cha bambo cha malita 20 chija, chomwe ankakwera nacho chitunda thukuta lili kamukamu, kuti chonsecho chingatulutse tchizi wa makilogalamu awiri okha. M'pamene ndinamvetsa chifukwa chake ndi wodula, komanso chifukwa chake kachidutswa kakang'ono kali ndi mphamvu yotere.

Manambala ake ndinawaphunzira pambuyo pake powerenga pamapaketi. Mu magalamu 100 a cheddar muli makalori (mlingo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 410, mapuloteni magalamu 25, mafuta magalamu 34 kapena 35, ndi kashiamu woposa mamiligalamu 700. Mulinso vitamini A ndi vitamini B12, uja amathandiza magazi ndi mitsempha. Kwa munthu amene m'mimba mwake mwachepa, monga agogo aja, kapena wodwala amene akuchira ndipo chakudya sichikumukomera, ichi ndi chuma. Patapita miyezi iwiri sikelo inasiya kutsika. Mwezi wachitatu anawonjezera kilogalamu imodzi, ndipo tsiku lina anandifunsa okha ngati kukhitchini kwatsala mbatatesi. Sindikunena kuti tchizi anawachiritsa chisoni. Mwana wawo wamkazi anayambanso kubwera pafupipafupi, ndipo zimenezi zinathandiza kwambiri. Koma thupi linapeza pogwira.

Ine ndinamulawa koyamba usiku wina ndili pa shifiti. Ndinaiwala kunyumba kontena yanga ya mpunga, ndipo cha m'ma 2 koloko njala inandigwira mpaka manja kunjenjemera. Mnzanga wa ku Zimbabwe anawotcha buledi, n'kuikapo cheddar kuti asungunuke, nati, "Idyani asisi, mugwa nazo izi." Ndinamuuza za mimba yanga, koma njala inapambana. Ndinadya, n'kukhala tcheru kudikira kupotokola kuja. Kunacha osamva kanthu. Ndinayesanso mawa lake, osamva kanthu.

Ndinadzafunsa katswiri uja atabweranso, ndipo anandimasulira chinthu chomwe chinandizunza zaka 20 ndisakuchidziwa dzina. Mu mkaka muli mtundu wa shuga wotchedwa lakitozi. Kuti thupi limugaye pamafunika chinthu china chopangidwa m'matumbo chotchedwa lakitezi. Makanda ali nacho chambiri chifukwa amadalira bere, koma anthu ambiri akamakula chimachepa. Padziko lonse anthu akuluakulu pafupifupi awiri mwa atatu alionse ali choncho, ndipo kwathu kumwera kwa Africa n'zofala kwambiri. Lakitozi wosagayika amatsikira m'matumbo aakulu, tizilombo ta m'menemo n'kumusasitsa, ndipo zotsatira zake ndi mpweya, kutupa ndi kutsegula m'mimba. Si njoka ayi. Kapu imodzi ya mkaka ili ndi lakitozi wokwana magalamu 12. Koma popanga tchizi wolimba, lakitozi wambiri amapita ndi madzi aja amatayidwa mkaka ukaundana, ndipo wotsalayo amadyedwa ndi tizilombo tabwino pa miyezi imene tchizi akukhwima. Cheddar, gouda wokhwima ndi parmesan amafika m'sitolo alibe pafupifupi lakitozi aliyense. Chambiko nachonso chimapepukirako chifukwa posasa paja gawo lina la lakitozi limakhala litasanduka kale, n'chifukwa chake mimba yanga inkachilandira. Nditamva zimenezi ndinaimbira foni amayi usiku womwewo. Anangoti, "Ndiye mankhwala onse aja tinkangokuvutitsa nawo, mwanawe?"

Apa ndichenjeze msanga, chifukwa nkhani yanga isapweteketse mwana wa wina. Kukanidwa ndi lakitozi n'kosiyana ndi matenda aja thupi limadana ndi mapuloteni a mu mkaka, amene amabweretsa zidzolo, kutupa milomo ndi nkhope, kusanza, ngakhale kubanika. Munthu wotero tchizi wa mtundu uliwonse wa mkaka wa ng'ombe ndi woopsa kwa iye, ngakhale wokhwima bwanji, chifukwa mapuloteniwo ndi amene adzaza m'menemo. Mwana akamatupa kapena kutuluka ziwengo akamwa mkaka, musamuyese ndi tchizi. Pitani naye kuchipatala.

Tsono chimene chinandichitikira pambuyo pake ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Nditadziwa kuti mimba yanga yamulola, ndinamukonda mopitirira. Anali wotsika mtengo poyerekeza ndi nyama, sankafuna kuphika, ndipo ndikaweruka m'mawa nditatopa panalibe mphamvu yoyamba kusenda anyezi. Buledi, tchizi, tiyi, kugona. Usiku kuntchito chimodzimodzi. Mumtima ndinkati ndikudya chakudya chopatsa thanzi, si ndinaona ndi maso anga chikudzutsa agogo aja? Sindinaganize kuti iwo ankadya masipuni anayi patsiku, pamene ine ndinkadya tchizi pamwamba pa nsima, mpunga, masoseji ndi zina zonse.

Pasanathe chaka yunifolomu inayamba kundithina, ndipo sikelo inaonetsa kuti ndawonjezera makilogalamu 9. Mutu unkandipweteka cha kunkhongo, makamaka ndikadzuka. Tsiku lina mnzanga anandiyeza ndi makina omwe timayezera okalamba, n'kupeza 154/96. Tinayezanso masiku atatu otsatizana, osatsika kwenikweni. Ndinachita mantha chifukwa amayi ali ndi BP ndi shuga, ndipo malume anga anafa ziwalo mbali imodzi ali ndi zaka 58.

Namwino wa kuchipatala chathu chaching'ono anandiuza kuti ndilembe chilichonse chimene ndikudya kwa sabata imodzi, ndipo ndiziyeza pasikelo ya kukhitchini. Ndinapeza kuti usiku umodzi wokha ndinkamaliza tchizi wokwana magalamu 100, nthawi zina kuposa. Iye anatenga paketi n'kundionetsa timabokosi ta mitundu tija timakhala kutsogolo. Kuno chakudya chimapatsidwa chizindikiro chofiira ngati mu magalamu 100 muli mafuta oposa magalamu 17.5, mafuta oundana oposa magalamu 5, kapena mchere woposa magalamu 1.5. Cheddar wanga anali wofiira ponse patatu. Mafuta oundana, aja amakweza kolesitero m'magazi, analimo magalamu 21, pamene malangizo a kuno amati mkazi asapitirire magalamu 20 patsiku lonse. Mchere unalimo magalamu 1.8, pamene bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku. Ndiye kuti mafuta a tsiku lonse ndi gawo lalikulu la mchere ndinkazimaliza pa buledi wa usiku yekha, ndisanathire mchere m'ndiwo.

Ndinene chilungamo, tchizi sanali yekha. Namwinoyo analozanso timakyubu tokometsera ndiwo, masoseji, manudozi a m'mapaketi, kusagona mokwanira ndi magazi a kubanja. Koma pa zonsezo, tchizi ndi amene ndinkamudya ndi mtima woyera, osadzikayikira.

Sanandiletse. Anati mlingo wake ndi magalamu 30 patsiku, ndipo kuti ndisamavutike ndi sikelo ndizikumbukira kabokosi kakang'ono ka machesi. Ndinaseka chifukwa ndinaona m'maganizo kabokosi ka machesi a Leopard kali pawindo la khitchini ya amayi. Kachidutswa kotero kali ndi makalori pafupifupi 125, mapuloteni magalamu 7 ndi theka, kuposa dzira limodzi, kashiamu woposa mamiligalamu 200, ndi mchere theka la galamu. Kuno amati munthu wamkulu amafunika kashiamu wokwana mamiligalamu 700 patsiku, ndiye kwa ine wosamwa mkaka kabokosi kameneka kamandipatsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Poyamba kankaoneka ngati konyoza. Chinandithandiza ndi kusiya kumudula ndi mpeni. Ndinagula chopalira, ndipo magalamu 30 ukawapala amadzaza dzanja. Ndinasiyanso wofatsa uja n'kuyamba kugula wokhwima kwambiri, wowawasira pang'ono, chifukwa pang'ono pokha pamamveka m'kamwa monse. Ndipo ndinamuchotsa pa buledi n'kumupititsa pa masamba ndi nyemba. Tchizi alibe zija zimathandiza kuti m'mimba muziyenda bwino, alibe vitamini C, ndipo ayironi ali ndi wochepa kwambiri, choncho amafunika anzake. Masiku ano ndimaphika sipinachi ndi tomato osathira mchere, n'kuwaza tchizi pamwamba, mchere wake womwewo ndi umene umakometsa. Kukoma kwake kumandikumbutsa masamba otendera, ngakhale nsinjiro ndi nsinjiro basi, palibe ingafanane nayo.

Ndinayesanso mitundu ina pofuna wopepuka. Cottage cheese, woyera wa timibulu uja, ali ndi mafuta ochepa kwambiri ndipo makalori ake ndi pafupifupi 100 pa magalamu 100, ndiye amathandiza ofuna kuchepetsa thupi. Koma ndi wosakhwima, lakitozi akadalimo, ndipo mimba yanga inandikumbutsa za ku Bvumbwe tsiku lomwelo. Feta ndi halloumi amasungidwa m'madzi amchere, mchere wake umaposa wa cheddar, choncho wa BP asawayese ngati opepuka chifukwa choti ndi oyera. Timapepala ta tchizi tokutidwa kamodzikamodzi m'pulasitiki tija, ana amatikonda, koma ndi tchizi wosungunulidwa n'kusakanizidwa ndi zinthu zina, ndipo kawirikawiri mchere umakhala wokwererapo. Werengani kumbuyo kwa paketi. Ena mudzapeza alembapo mafuta a zomera, ndiye kuti si tchizi weniweni.

Patatha miyezi 7 ndinali nditatsitsa makilogalamu 6, ndipo BP inabwerera cha m'ma 130/84. Ndinayambanso kuyenda wapansi popita kuntchito m'malo mokwera basi, ndiye sindingapatse ulemu wonse kabokosi ka machesi.

Chiyambireni anzanga amandifunsa, ndipo ndaona kuti yankho limasintha ndi munthu wofunsayo. Mnzanga wina wa mpingo wa SDA sadya nyama kapena nsomba. Kwa iye tchizi ndi mazira ndi kumene amapeza vitamini B12, amene sapezeka mwachilengedwe m'nyemba ndi m'masamba. Koma anadabwa nditamuuza kuti si tchizi aliyense amene alibe chochokera ku nyama yophedwa. Kuti mkaka uundane amathiramo reneti, ndipo reneti wachikale amachokera m'chifu cha mwana wa ng'ombe. Parmigiano Reggiano wa ku Italy, amene amakhwima miyezi yosachepera 12, amapangidwa ndi ameneyu nthawi zonse. Cheddar wambiri wa m'masitolo a kuno amagwiritsa reneti wosachokera ku nyama ndipo amalemba papaketi. Mlongo wina wachisilamu wa ku Mangochi amene timagwira naye ntchito amayang'ananso chizindikiro chomwecho, kapena cha halal. Osadya chilichonse chochokera ku nyama ali ndi tchizi wawo wopangidwa ndi mafuta a kokonati, koma ameneyo kawirikawiri mapuloteni alibe, ndi mafuta ndi sitachi. Msuweni wanga wa ku Cape Town amene amatsata kadyedwe ka Banting, kopewa nsima, buledi ndi shuga, amamudya kwambiri poti alibe sitachi. Ndinangomuuza kuti akayezetse kolesitero ndi BP.

Amene ndinalimbana naye kwambiri ndi mng'ono wanga, ali woyembekezera ku Johannesburg. Abwana ake ankamupatsa zotsala za paphwando, kuphatikizapo tchizi wofewa wa khungu loyera, brie ndi camembert, ndi uja wa mizere yabuluu. Ndinamuuza kuti, "Mwana wa amayi, amenewo uwasiye mpaka ubereke, pokhapokha ataphikidwa mpaka kutuluka nthunzi." Mitundu yofewa imeneyi ili ndi chinyezi chambiri ndipo mutha kumera kachilombo kotchedwa listeria, kamene kamakula ngakhale mufuriji ndipo kangachititse padera kapena kudwalitsa khanda. Iye ankadziwa kale dzinalo, poti South Africa inavutika ndi mliri wa matenda amenewa mu 2017 ndi 2018, ngakhale kuti nthawi imeneyo anachokera mu poloni. Cheddar ndi gouda wolimba ndi wabwino kwa mayi woyembekezera, ndipo kashiamu wake amafunikadi. Chomwechonso tchizi wofewa wa mkaka wosawiritsa, amene anthu ena amapanga pakhomo, ndi wofunika kumusamala. Bambo anga ankanena nthawi zonse kuti mkaka wosaphitsa umanyamula TB ya ng'ombe, ndipo ankanena zoona.

Amene muli pa mankhwala, funsani kuchipatala, paja safunsa anadya phula. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid sagwirizana ndi tchizi wokhwima mwa anthu ena, nkhope imatentha, mutu kupweteka, mtima kugunda mothamanga. Cipro, mankhwala aja opha tizilombo, naye sayenera kumwedwa nthawi imodzi ndi mkaka kapena zopangidwa ndi mkaka, chifukwa kashiamu amamulepheretsa kulowa bwino m'magazi. Odwala impso nawonso amauzidwa kuchepetsa chifukwa cha mchere ndi fosifolasi.

Mu 2024 ndinapita kumudzi kukaona makolo. Amayi anali atamva nkhani zanga zonse pafoni, ndiye tsiku lachiwiri anati, "Kandigulire tchizi wakoyo ku Limbe, nanenso ndimulawe. Akuti sakweza shuga eti?" Ndinawauza kuti n'zoona, tchizi wolimba alibe sitachi kapena shuga woti n'kukweza shuga wa m'magazi msanga, chimene chimakweza ndi buledi woyera amene timamudyera. Koma ndinawauzanso kuti, "Amayi, inu muli ndi BP, ndipo munthu wa shuga mtima wake ndi wofunika kuusamala kuposa wa wina aliyense. Mukadya, kakhale kachidutswa, osati tsiku lililonse."

Ndinakagula kapaketi kamodzi. Mtengo wake unandiwawa, ndipo kunyumba kulibe furiji yodalirika, magetsi amazima nthawi iliyonse. Ndili m'minibasi pobwerera ndinayamba kuwerengera. Kuchipatala cha ana kwathu amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya, ndipo tchizi ali m'gulu limodzi ndi nsomba, mazira, mkaka, ngumbi ndi nyama. Chimene amayi akusowa kwa tchizi n'chiyani? Kashiamu? Usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndi mmene muli kashiamu wochuluka. Mapuloteni ali mu usipa womwewo, m'nyemba, m'nandolo wa kuseri kwa nyumba, mu soya. Vitamini B12 ali m'nsomba ndi m'mazira. Bonongwe ndi chisoso zimangomera zokha m'munda. Chambiko amapanga okha ndi mkaka wa ng'ombe yawo, atauphitsa. Ndalama ya kapaketi kaja ikanagula usipa wodya banja lonse masiku angapo, wopanda mchere wowonjezera ngati wangoumitsidwa padzuwa. Ine kuno ndimadalira tchizi chifukwa ndi amene ali pafupi ndiponso wotsika mtengo, pamene usipa ndimachita kuitanitsa kwa obwera kuchokera kumudzi n'kumaudya mosinira.

Madzulo ake ndinatenga kabokosi ka machesi pawindo paja, n'kukaika pambali pa tchizi, n'kudula kachidutswa kofanana nako. Ndinakagawa pawiri, kena amayi, kena bambo. Bambo anatafuna nthawi yaitali osalankhula, kenako anafunsa kuti kapaketi konseko katenga mkaka wochuluka bwanji. Nditawauza kuti magalamu 250 ndi malita awiri ndi theka, anafunsanso mtengo, n'kuwerengera pa zala ndalama imene iwo amalandira pa lita imodzi. Anapukusa mutu. Amayi anati akukoma ngati chambiko chogonetsa chothira mchere, anapempha kena kakang'ono, ndipo ndinawapatsa. Wotsalayo anamukulunga bwino, nati mawa timupalire pa nkhwani kuti adzukulu alawe. Kenako anabwerera pamoto kukavundula nsima, poti usipa unali utapsa kale.